Kokonati wa ku Chiputula

Unabwera pansi pa mpando wa thanki ya mafuta,
utakulungidwa m'malaya akutha a Yotamu,
masiku atatu panjira kuchokera ku Dalesalamu,
kamphukira kako katasuzumira pa diso limodzi
ngati dzino loyamba la khanda.
Iye anati tikuswe, timwe madzi.
Ine ndinati ayi, uyu wauyamba kale ulendo wina.

Tinadula mgolo pakati
n'kuuboola kunsi ndi msomali.
Mchenga ndinakapempha kwa amisiri omanga ku Luwinga,
ndowa zitatu, pamutu.
NyaLuhanga, kuseri kwa mpanda, anaseka mpaka chitenje kumasuka:
"Mama, kuno n'kwa khofi ndi mapaini.
Chimenecho chikabereka, ine ndimera ndevu."

Sankanama.
Kuno Juni amalowa m'mafupa osaodira.
Nkhungu imatsika ku Kaning'ina m'mamawa
n'kumeza njinga za sakaramento pamodzi ndi okwera,
mabelu okha n'kumamveka.
Zochapa zimagona pachingwe masiku atatu
ndipo mvula yamawawa siwerenga kalendala.

Nsonga za masamba ako zinapsa popanda moto.
Ndinapita ku Zigwagwa, pakaunjika,
n'kukugulira jekete la mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri,
wogulitsa n'kufunsa, "Mnyamata kapena mtsikana?"
Ndinangoti, "Ngwamtali."

Dzuwa likatuluka ndimakukokera pakhonde,
likabisala ndimakukokeranso m'nyumba.
Simenti ya pabalaza ili ndi mizere iwiri tsopano,
njanji ya sitima ya munthu mmodzi.
Usiku ndimakuyatsira babu pafupi,
magetsi akathima ndimakukankhira mbaula,
ine n'kugona ndi masokosi awiriawiri.
Pakutha pa mwezi, kamchere ka pachala,
kuti usaiwale nyanja ya kwanu
imene ine sindinaionepo.

Usandithokoze.
Inenso ndinabwera pampando wa galimoto yomweyo,
kuchokera ku Bangula, kumene mthunzi umatuluka thukuta,
kumene tinkagona panja, chitseko chili pululu.
Chaka choyamba milomo inang'ambika,
lilime linkapunthwa pa moni wa kuno,
ndinkayankha "ndili makora" ana n'kumaseka kamvekedwe.
Palibe anandiveka jekete.
Ndinaphunzira ndekha kuotha dzuwa la mphindi khumi
ngati buluzi wa pakhoma.

Yotamu anasiya kubwera chaka chachitatu.
Akuti ali ndi khomo lina ku Mbeya,
akuti, akuti.
Iwe unatulutsa tsamba lachisanu sabata lomwelo,
loyamba kugawanika ngati chipeso,
ndipo ndinakhala pansi kuwerenga mano ake:
makumi awiri ndi mphambu zinayi.
Ndinawerenganso. Anali omwewo.

Mlangizi wa zaulimi, Bambo Msowoya,
anaima pakhomo atagwira chipewa,
anakuyang'ana ngati dokotala amene waona kale mapepala.
"Kukhala, akhala. Koma chipatso musadikire.
Kutalika kwa phiri lino kwamulanda zimenezo."
Ndinawapatsa tiyi.
Sindinawauze kuti mawu otero ndinawamvapo
kuchipatala chachikulu, pa nkhani ina.

Lero wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi.
Mutu wako wagunda malata,
mphepo ikalowa umakanda denga ngati mphaka wofuna kutuluka.
Mizu yang'amba mgolo m'mbali.
Mwininyumba wati ndisankhe:
mtengo panja, kapena tonse panja.

Ndakumba dzenje kumpoto kwa khoma la khitchini,
kumene njerwa zimasunga kafundidwe mpaka usiku.
NyaLuhanga wabwera ndi wilibala, osaitanidwa,
ndi bulangete lakale la malemu amuna ake.
Chibwano chake chikadali chosalala.
"Nyamulani uko," akutero, "ine ndigwira kumutu."

Tikutulutsa chafutambuyo, ngati kabati.
Nkhungu yayamba kale kutsika.
Ima, mlendo mnzanga.
Sindikukupempha madzi, kapena mafuta, kapena chingwe.
Ungoima,
anthu odutsa pamsewu wa Chiputula azifunsana
kuti kodi uyu anafika bwanji kuno,
nanga bwanji sanafe.